Eriyo ya galimoto: mkangano wa diso ndi khutu

 Lero ndati tichezeko za kanthu kamene ambiri sitikawerengera n'komwe: kandodo kachitsulo kamaima pa galimoto kaja, kamene timakatcha eriyo. Ena mwa inu muli ndi magalimoto akale, kaya Peugeot 504 yosiya bambo, kaya Datsun, kaya Land Rover, ndipo mukuwadzutsa pang'onopang'ono ndi tindalama ta pamwezi. Mukafika pa wailesi, funso limakhala limodzimodzi: kodi tiboole thupi la galimoto n'kuimika ndodo, kapena tiibise kuti galimoto ioneke bwino?

Funso limeneli si la lero. Makampani akuluakulu opanga magalimoto akhala akulimbana nalo kuyambira cha m'ma 1930. Diso limafuna kuti eriyo isaoneke. Khutu limafuna kuti ikhale yaitali, pamwamba, poyera. Mbiri yonse ya eriyo ya galimoto ndi mkangano wa awiriwa. Chimene ine ndaona poitsatira mbiriyi n'chakuti diso likapambana, wovutika amakhala munthu amene ali kutali ndi mlongoti woulutsira mawu. Kuno kwathu munthu ameneyo ndi inu ndi ine.

TIYAMBE NDI MASAMU PANG'ONO

Aphunzitsi a sayansi mundilole ndipalireko m'munda mwanu, chifukwa popanda mfundo zitatu izi mbiriyi singamveke.

Mfundo yoyamba ndi utali. Mawu a pa wailesi amayenda ngati mafunde, pa liwiro la makilomita 300,000 pa sekondi, ndipo funde lililonse lili ndi utali wake. Kuti mupeze utaliwo m'mamita, gawani 300 ndi nambala ija mumaiona pa wailesi ya FM. Siteshoni ya pa 100 MHz funde lake ndi mamita 3. Tsono eriyo ya ndodo imakoka bwino ikakhala kota ya funde, ndiye kuti masentimita 75. N'chifukwa chake ndodo zambiri za pa magalimoto zimakhala za masentimita pakati pa 75 ndi 80. Sanangolota muyeso umenewu ayi.

Ku medium wave zinthu n'zosiyana. Siteshoni ya pa 1000 kHz funde lake ndi mamita 300, ndipo kota yake ndi mamita 75. Palibe galimoto imene ingasenze ndodo yotalika chomwecho. Choncho pa medium wave kandodo ka galimoto kamangotola nyenyeswa, ndipo sentimita iliyonse imene mwaidula ndi mawu amene mwataya.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti ndodoyo ndi theka chabe la eriyo. Theka linalo ndi thupi lachitsulo la galimoto. Tsinde la ndodo likapanda kugwirana bwino ndi chitsulo cha galimoto, wailesi imasokosa ngakhale ndodoyo ikhale yatsopano.

Mfundo yachitatu anaionetsa Michael Faraday ku London mu 1836: chipinda chokutidwa ndi chitsulo chimatchinga mphamvu ya magetsi yochokera kunja. Galimoto nayo ndi bokosi lachitsulo. Tengani kawailesi ka m'manja, mulowe nako m'galimoto. Mudzamva mawu akuchepa. Mukakatulutsira pa windo mawu amabwerera. Ana a Fomu 3 angathe kuyesa zimenezi pa galimoto ya ahedi, atapempha kaye.

Utali, thupi, kunja. Musaziiwale zitatuzi pamene tikupitirira.

ERIYO INABADWA YOBISIKA

Ambiri timaganiza kuti ndodo ndiyo inayamba, kubisa n'kwa masiku ano. Zoona zake n'zakuti eriyo ya galimoto inayamba ili yobisika.

Mu 1930, abale awiri a ku Chicago, Paul ndi Joseph Galvin, anatulutsa wailesi ya m'galimoto imene anaitcha Motorola. Sinali yoyamba kupangidwa, koma inali m'gulu la zoyamba kugulidwa ndi anthu ambiri. Pa ntchito yoipanga panali William Lear ndi Elmer Wavering. Mu June chaka chomwecho Paul Galvin anaimanga m'galimoto yake ya Studebaker n'kuyendetsa mpaka ku Atlantic City, kumene kunali msonkhano wa opanga mawailesi. Iye analibe malo oonetsera katundu m'holo ya msonkhanowo, ndiye anangoimika galimoto panja n'kukweza mawu kuti odutsa amve. Mtengo wake unali pakati pa $110 ndi $130, pamene mitundu yambiri ya Ford Model A yatsopano inkagulidwa pakati pa $400 ndi $700. Ku Germany, kampani ya Blaupunkt inatulutsa yake mu 1932, pa mtengo wa 465 Reichsmark. Wailesi ya m'galimoto inali ya anthu opata.

Nanga eriyo ankaiika pati? Magalimoto a nthawi imeneyo denga lake silinali lachitsulo lonse. Pakati pa denga pankakhala timitanda tamatabwa, pamwamba pake waya wolukana wofanana ndi wa khola la nkhuku, kenaka zofundira ndi chinsalu chosalowa madzi. Amisiri anaona kuti denga lotere silitchinga mafunde. Ena ankamasula nsalu ya m'kati n'kuyala mawaya awo m'dengamo. Ena ankadula waya wa nkhuku uja m'mbali kuti asakhudzane ndi chitsulo cha galimoto, iyeyo n'kusanduka eriyo. Patapita nthawi pang'ono makampani anayamba kutulutsa magalimoto waya wa m'denga ali wolumikiza kale, kudikira wailesi.

Taonani mmene eriyo imeneyi inkakwaniritsira mfundo zathu zija. Inali yaikulu ngati mphasa, inali pamwamba penipeni, ndipo panalibe chitsulo choiphimba. Diso linkakondwa, khutu nalo linkakondwa. M'mbiri yonseyi, iyi ndi nthawi yokhayo imene awiriwa anagwirizana popanda wina kudandaula.

DENGA LACHITSULO LISOKONEZA ZONSE

Mtendere umenewu sunakhalitse. Pa magalimoto a 1935, kampani ya General Motors inabweretsa denga lachitsulo chokhachokha, limene inalitcha Turret Top. Linali lolimba, losadontha, ndipo galimoto ikagubuduka linkateteza anthu kuposa la matabwa ndi nsalu. Makampani ena anatsatira m'zaka zochepa. Koma galimoto tsopano inasanduka bokosi lija la Faraday, ndipo eriyo ya m'denga inagontha.

Opanga magalimoto sanafune kuthamangira kuimika ndodo. Anayang'ana pena pobisa, napeza kunsi. Magalimoto a masiku amenewo anali ndi sitepe yaitali m'mbali, yopondapo pokwera. Kunsi kwa sitepeyo anayamba kupachikako timapaipi kapena mawaya okutidwa ndi labala. Maso sankaziona, koma mavuto anali ambiri. Eriyo inali pafupi ndi nthaka, kumene mafunde ndi ofooka. Galimoto yonse inali pamwamba pake ngati chivundikiro. Matope, madzi ndi chipale chofewa zinkaimata, miyala inkaimenya. Okhala m'mizinda ikuluikulu, pafupi ndi masiteshoni amphamvu, ankamva ndithu. Alimi a kutali ndiwo ankangomva phokoso.

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 anthu anagonja. Ndodo inatuluka poyera, pambali pa galasi lakutsogolo, pa madigadi kapena pamwamba pa denga. Masitepe aja nawonso anayamba kutha pa magalimoto atsopano, ndiye pobisa panasowa. Ndodo yolowana ngati ya ambulera, imene umaikoka ukafuna kumvera n'kuibweza ukamaliza, inakhala njira yonyengerera onse awiri: poyenda khutu lidye, poima diso lidye.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inaonetsa kuti wailesi ya m'galimoto si choseweretsa. Mu 1940 boma la Britain, poopa akazitape ndi adani olowa m'dzikomo, linalamula kuti mawailesi achotsedwe m'magalimoto. Chinthu chimene anthu ankachiona ngati chosangalatsira pa ulendo, boma linachiona ngati chida.

NTHAWI IMENE NDODO INALI ULEMU

Nkhondo itatha, eriyo inasanduka chonyadira. Wailesi inali yodula, choncho ndodo yonyezimira pa galimoto inkauza aliyense kuti mwini wake zake zili bwino. Ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, magalimoto ena ankakhala ndi ndodo ziwiri kumbuyo, zopendekera ngati nyanga za mphalapala. Nthawi zambiri imodzi yokha ndiyo inkagwira ntchito. Inayo inali yongokometsera, yopanda waya n'komwe. Onani mmene diso limasinthira: chimene linkachibisa kunsi kwa sitepe mu 1935, zaka makumi awiri pambuyo pake linkafuna ziwiri.

Mawailesi nawo ankasintha. Mu 1952 Blaupunkt inatulutsa wailesi ya m'galimoto yokoka FM, ndipo mu 1955 Chrysler ndi Philco analengeza yoyamba yoyendera ma transistor okhaokha, m'malo mwa mababu agalasi amene ankatentha ndi kudya batire. FM inabweretsa mawu oyera, komanso inabweretsa lamulo lake. Mafunde ake sayenda mokhotakhota ngati a medium wave. Amafuna kuti eriyo ndi mlongoti zikhale ngati zikuonana. Phiri likalowa pakati, mawu amazilala. Apa m'pamene muyeso uja wa masentimita 75 mpaka 80 unakhazikika.

Eriyo yodzikweza yokha ndi mota inafala m'zaka zomwezi pa magalimoto odula. Amene munakwerapo Mercedes-Benz yakale mukukumbukira kandodo kotuluka kumbuyo wailesi ikangoyatsidwa. M'kati mwa ndodo yotere mumadutsa chingwe cha nayiloni cha manomano, chimene mota amachikankha ndi kuchikoka. Fumbi likalowa m'mfundo za ndodo, ndodo imalimba, mota amakakamiza, chingwe chimaduka. Pa misewu ya fumbi ngati yathu, eriyo zotere zambiri zinafera pakatikati, osakwera osatsika.

KUBWERERA KOBISA

Ndodo inali ndi adani. Anyamata osaweruzika ankaithyola, makina otsukira magalimoto ankaipinda, mphepo inkaiimbitsa mluzu galimoto ikathamanga, ndipo pa bowo lake m'pamene dzimbiri linkayambira. Choncho mu 1969 General Motors yomwe ija inabweretsa njira ina pa galimoto ya Pontiac Grand Prix: timawaya tiwiri topyapyala ngati tsitsi toikidwa m'kati mwa galasi lakutsogolo, tokwera pakati n'kupatukana m'mwamba. Chaka chotsatira njirayi inafalikira ku magalimoto ambiri a kampaniyi.

Galimoto inaoneka yosalala, koma madandaulo sanachedwe. Eriyo ya m'galasi imakoka bwino mbali imodzi kuposa inzake, choncho ukakhota pa msewu siteshoni yakutali inkatha kuzilala. Mawaipa akamapukuta galasi louma ankayambitsa kuthetheka m'masipika. Galasi likasweka, eriyo yapitanso. Pofika m'zaka za m'ma 1980 magalimoto ambiri a kampaniyi anali atabwerera ku ndodo. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Panalinso ena amene ankabisa eriyo pa chifukwa china, osati kukongola koma mantha. Kutavuta mafuta mu 1973, boma la America linatsitsa liwiro la pa misewu kufika mamailosi 55 pa ola mu 1974. Madalaivala a mathiraki anayamba kugwiritsa ntchito kwambiri mawailesi olankhulirana otchedwa CB, pouzana kumene kuli mafuta ndi kumene kwabisala apolisi. Anthu wamba mamiliyoni anatengera. CB imayenda pa 27 MHz, funde lake ndi mamita 11, ndipo ndodo yake yokwanira ndi ya mamita oposa awiri ndi theka. Ndodo yotere inali ngati kuitana akuba kuti m'galimoto muno muli katundu. Ku Britain kunali koposa apo, chifukwa CB inali yoletsedwa mpaka pa 2 November 1981, ndipo wogwidwa nayo ankalipitsidwa. M'maiko onse awiriwa munabadwa malonda a eriyo zodzibisa, zooneka ngati ndodo wamba ya wailesi ya nyimbo, koma zili ndi koyilo wobisika wolowa m'malo mwa utali umene wadulidwa. Zinkagwira ntchito, koma mawu ake sankafika patali ngati a ndodo yaitali. Masamu aja sanyengeka.

M'zaka za m'ma 1980 makampani a ku Ulaya ndi ku Japan anayamba kugwiritsa ntchito timizere ta pa galasi lakumbuyo, n'kuikapo kachipangizo kokuza mphamvu ya mafunde, ka amplifier. Njira imeneyi inachita bwino kuposa ya 1969, ndipo ilipo mpaka lero. Kenaka mu 2001 BMW inatulutsa kachipsepse ka pa denga kofanana ndi ka nsomba ya shaki. Ambiri amakaona n'kunena kuti sayansi yagonjetsa utali. Sichoncho. M'kachipsepsemo mumakhala eriyo za GPS ndi za foni, zimene mafunde ake ndi aafupi kwambiri: la GPS ndi la masentimita 19 okha, kota yake sikwana masentimita 5. Pa magalimoto ambiri otere eriyo ya FM imakhala idakali pa galasi, kapena ndi kawaya kopotedwa kodalira amplifier. Ndipo amplifier sangakuze chimene eriyo sinatole. Amakuza mawu pamodzi ndi phokoso lomwe.

NANGA KUNO KWATHU?

Mbiri ya wailesi kuno inayamba ndi mafunde ochokera kutali. Mu 1949 kunabwera wailesi yotchipa ya batire yotchedwa Saucepan Special, yopangidwa ndi kampani ya Ever Ready chifukwa cha khama la Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia. Inkagulidwa £5, ndipo anthu a ku Nyasaland ankamvera nayo mapologalamu a Chinyanja ochokera ku Lusaka pa shortwave. MBC itakhazikitsidwa mu 1964, dziko linkadalirabe shortwave ndi medium wave. Achikulire mukukumbukira 3380 kHz, mu 90 metre band. Chitani masamu aja: funde lake ndi pafupifupi mamita 89, kota yake mamita 22. N'chifukwa chake kumudzi tinkaona waya wautali womangirira ku nsungwi kapena ku mtengo wa mango. Pa galimoto, dalaivala ankakoka ndodo yonse mpaka kumapeto, ndipo ikathyoka ankalowetsapo sipoko ya njinga kapena waya wa hang'ala. Palibe amene ankaganiza zobisa. Nkhani, mauthenga a maliro ndi mpira zonse zinkadzera pa kandodo kameneko.

Magalimoto amene anadzaza misewu yathu anali ndi nzeru zawo pa nkhaniyi. Ambiri a ku France ankakhala ndi eriyo padenga, pamwamba pa galasi lakutsogolo, malo amene amakoka mofanana mbali zonse. Mapikapu ndi maminibasi ambiri a ku Japan anali ndi ndodo yolowa m'mphepete mwa galasi lakutsogolo mbali ya dalaivala, kuti angotulutsa dzanja pa windo n'kuikoka. Palibe mota, palibe choduka.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, FM inachuluka. MBC Radio 2 inayamba mu 1997, Power 101 mu 1998, Capital FM ndi Radio Maria mu 1999, Zodiak mu 2005, kuphatikizapo mawailesi a m'madera monga Dzimwe ya ku Mangochi. Milongoti inakwera pa mapiri monga la Zomba, la Dedza ndi la Mpingwe. Koma dziko lathu ndi la mapiri ndi zigwa. Amene mumayenda msewu wa Chikwawa kutsika Thabwa, kapena wa Chiweta, kapena wa Golomoti, mukudziwa mmene siteshoni imabwerera ndi kuthawa pa makona. M'malo otere ndi mmene eriyo yabwino ndi yoipa zimasiyanirana.

M'nyengo yomweyi kunasefukira magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan, ndipo anabwera ndi vuto lawo. Ku Japan FM inkaulutsidwa kuyambira 76 mpaka 90 MHz, ndipo anangoonjezera kufika 95 MHz cha m'ma 2014. Kuno timagwiritsa ntchito 87.5 mpaka 108 MHz. Wailesi ya m'galimoto yochokera kumeneko imangokoka masiteshoni ochepa a kumayambiriro. Amisiri athu amathetsa zimenezi ndi kabokosi kotchedwa expander, kamene amakalumikiza pakati pa waya wa eriyo ndi wailesi. Ntchito yake n'kutsitsa nambala: ngati kamatsitsa ndi 14, siteshoni ya pa 100 muipeza pa 86. Koma khomo la wailesi ya ku Japan ndi la 14 MHz basi, pamene masiteshoni athu atambalala pa 20.5 MHz. Ena amatsala panja, ena amakwerana. Ambiri amanena kuti eriyo yafa pamene vuto lili apa.

ZIMENE MBIRIYI IKUUZA MWINI GALIMOTO YAKALE

Mukapita kogula eriyo yobisika lero, akuonetsani mitundu itatu kapena inayi, ndipo uliwonse wa mitunduyo unayesedwapo kale. Yoika kunsi kwa galimoto ndi ija ya 1935, ndi matope ake omwe. Yomata pa galasi ndi ija ya 1969, yokoka mbali imodzi. Kabokosi kobisa kuseri kwa dashibodi kali m'kati mwa bokosi la Faraday. Yokhayo imene mbiri ikuivomereza ndi ya 1930: ngati galimoto yanu ili ndi denga la tenti kapena la fibreglass, waya woyalidwa m'dengamo angathe kukoka bwino osaoneka, bola atalikirane ndi zitsulo za tentiyo.

Ngati mwasankha ndodo, malo abwino koposa ndi padenga. Achiwiri ndi pa madigadi, kutali ndi koyilo ndi mawaya a mapulagi, chifukwa moto wa mapulagi nawo umatulutsa mafunde amene amamveka ngati kuthetheka kotsatira kulira kwa injini. Ngati galimoto ili ndi bowo lakale, gwiritsani ntchito lomwelo. Musanaboole latsopano, suzumirani kunsi muone ngati tsinde la eriyo lipeze malo, ndiponso ngati tayala silizilikhula kapena kulithira matope.

Kunsi kwa bowo palani penti pang'ono mpaka chitsulo chiwale, kuti mano a tsinde la eriyo alume chitsulo chenichenicho. Paja thupi la galimoto ndi theka la eriyo. Mukamanga, pakani girisi kunsiko kuti dzimbiri lisalowe, ndipo labala wa pamwamba akhale wosang'ambika. Eriyo zambiri zimene anthu amataya poganiza kuti zatha, vuto limakhala dzimbiri la pa tsinde.

Magalimoto ena ali ndi khalidwe lawolawo. Thupi la Land Rover yakale ndi la aluminiyamu, choncho eriyo ya maginito sigwira. Pamafunika yomanga ndi nati. Magalimoto ambiri a ku Britain opangidwa isanafike 1967 kapena chapomwepo analumikiza mbali ya positive ya batire ku thupi la galimoto, mosiyana ndi a masiku ano. Kumanga wailesi yamakono m'galimoto yotere osayang'ana kaye ndi kuiwotcha, chifukwa chikopa cha waya wa eriyo chimagwirana ndi thupi la galimoto. Volkswagen zakale kwambiri nazo zinali za mavoti 6, osati 12. Safunsa anadya phula.

Ngati wailesi yanu ndi yakale yeniyeni ya medium wave, funani kasikuluwu kakang'ono pafupi ndi polowera waya wa eriyo kapena kuseri kwa chotembenuzira masiteshoni. Kamatchedwa trimmer. Kokani ndodo yonse, pezani siteshoni yomveka pang'ono cha pa 1400 kHz, usiku ndiye bwino, n'kupotokola kasikuluwuko mpaka mawu akwere. Ndi mmene wailesi imazolowerana ndi eriyo yatsopano.

Kwa inu a magalimoto a ku Japan okhala ndi eriyo ya pa galasi: amplifier wake amafuna magetsi, amene kawirikawiri amadzera pa waya wa buluu kuseri kwa wailesi. Mukasintha wailesi ndipo mmisiri wasiya waya ameneyu ali lende, mudzamva masiteshoni m'tauni mokha. Komanso popukuta galasi lakumbuyo musakande timizere tija, ndipo samalani pomatapo mapepala akuda otchinga dzuwa, chifukwa ena ali ndi chitsulo m'kati.

FUNSO LENILENI

Wina anganene kuti zonsezi n'zachikale, poti lero nyimbo zili m'foni. Koma nkhaniyi sinathe ngakhale kumene inayambira. Opanga magalimoto a magetsi ena, monga Tesla ndi BMW, anachotsa AM m'magalimoto awo ena ponena kuti mamota amasokoneza mafunde. Mu 2023 Ford inafuna kuchita chimodzimodzi, koma inabweza ganizolo aphungu a ku America atadandaula kuti AM ndiyo imafikira anthu a kutali pa nthawi ya ngozi. Ndi mkangano womwe uja wa 1935, wangovala malaya ena.

Ife sitifunika kuuzidwa ndi a ku America. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo dziko linakhala mumdima. Mu March 2023 Freddy anasakaza maboma a kummwera, misewu inaduka, magetsi anazima, mafoni anatha moto. Pa nthawi zotere wailesi ya m'galimoto, yokhala ndi batire lake lalikulu, imatha kukhala khutu la mudzi wonse. Koma imamva pokhapokha ngati eriyo yake ili bwino.

Choncho funso si lakuti eriyo iti ikukongola. Funso ndi lakuti galimoto yanu imagona kuti ndipo imayenda kuti. Ngati ndi yongoonetsa pa maukwati m'tauni ya Blantyre kapena Lilongwe, ibiseni, simutaya zambiri. Koma ngati mumaphunzitsa ku sukulu ya kuseri kwa phiri, kapena mumapita kumudzi mwezi ndi mwezi, imikani ndodo ya masentimita 80 poyera, muipukute fumbi, muisamale tsinde. Makampani olemera kwambiri pa dziko lapansi anayesa kangapo kuibisa, ndipo mpaka lero sanapeze chokoka mawu akutali motchipa kuposa iyo.

Aphunzitsi anzanga, nkhaniyi ingathe kulowa m'kalasi la History ndi la sayansi lomwe. Zipangizo zake ndi kawailesi ka mabatire, tepi yoyezera ndi galimoto iliyonse yoima pa bwalo la sukulu.